Kusala, Kuvala ndi Kuvina: Mau Oti "Kupembedza Nyama" ku Egypt Wakale ndi m'Mafamu a ku Macheke

1. Mau oyamba

Pali mau ena amene timaŵalandira kuchokera m'mabuku a alendo osafunsa kumene anachokera, ndipo tikaŵamasulira m'ziyankhulo zathu amakhazikika ngati athu enieni. Ena mwa mau otere ndi oti "kupembedza nyama". M'mabuku a mbiri yakale mau ameneŵa amanenedwa kaŵirikaŵiri pa anthu a ku Egypt, dziko limene Buku Lopatulika limalitcha Aigupto. Koma akhala akunenedwanso pa ife tomwe, makamaka pa Acheŵa ndi gule wao, ndi pa Ashona ndi mitupo yao.

Cholinga cha pepala lino ndi kusonyeza kuti mauŵa amamanga pa mtolo umodzi zinthu zitatu zimene eni ake amazilekanitsa bwino lomwe, ndi kuti umboni wa kulekanitsako uli m'aneni amene iwo amagwiritsa ntchito. Pali nyama imene munthu amasala, pali nyama imene chifanizo chake munthu amavala, ndipo pali nyama imene mzimu umaonekeramo. Ndidzatsata makamaka nsomba, chifukwa ku Egypt inagwira ntchito zonse zitatu, ndiponso chifukwa nsomba za mu Nile ndi abale a nsomba zathu za m'Nyanja ya Malaŵi. Kumbali yathu kuno ndidzatenga zitsanzo m'mafamu a ku Macheke m'dziko la Zimbabwe, kumene Chicheŵa ndi Chishona zakhala zikuyankhulidwa khomo ndi khomo kwa mibadwo ingapo.

Ndichenjezeretu kuti sindikunena kuti Acheŵa kapena Ashona anachokera ku Egypt, kapena kuti miyambo yao anabwereka kumeneko. Chiyankhulo cha Egypt wakale ndi cha banja la Afro-Asiatic, pamene zathuzi ndi za Bantu. Tikungofanizira, monga mlimi amayendera munda wa mnzake kuti aumvetse wake.

2. Macheke ndi anthu ake

Macheke ndi katauni ka m'chigawo cha Mashonaland East, pa mseu ndi njanji zochokera ku Harare kunka ku Mutare, kupitirira Marondera, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Harare. Kumpoto kwake kuli dziko la Nhowe la Mfumu Mangwende, ndipo cha kum'maŵa kuli dziko la Maungwe la Mfumu Makoni. Atsamunda atalanda malo, malo ambiri a derali anasanduka mafamu a fodya, ndipo fodya amadya anthu ambiri: ofesa, ookera, othyola, osoka, osonkhezera moto m'mabalani ndi osankha masamba.

Ambiri mwa anthu ameneŵa anali ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau linayamba mu 1903. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi a ma Rhodesia aŵiri anapangana za kayendedwe ka antchito, ndipo posakhalitsa panayamba magalimoto onyamula anthu kwaulere amene dzina lao linali la Chicheŵa, Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina limene makolo athu ankalitcha Mthandizi. Ena anabwerera kwao, ena anatchona, nakwatira komweko, nabereka ana.

M'makomboni a mafamu munkamveka Chicheŵa, Chiyao, Chisena ndi Chishona, kuonjezapo Chilapalapa chimene mzungu ndi kapitao ankalamulira ntchito. Kwa ife ophunzira ziyankhulo malo otere ndi amtengo wapatali, pakuti munthu akamakhala ndi mnansi wa chiyankhulo china amakakamizika kumasulira miyambo yake tsiku ndi tsiku, ndipo pomasulirapo ndi pamene malire a tanthauzo la liu amaonekera.

3. Nyama yosalidwa

Mcheŵa akafika m'mudzi wa Ashona, funso limene amakumana nalo moni atangotha ndi lakuti, "Munoera chii?" Khutu lake limamva mneni wodziŵika, pakuti kwathu kuyera ndiko kuoneka ngati ufa kapena kukhala wopanda litsiro, koma wofunsayo sakunena zimenezo. M'Chishona mneni -era, kapena -yera, amanena za chinthu chopatulika chimene munthu sayenera kudya. Funsolo tsono ndi lakuti, "Mumasala chiyani?" ndipo yankho lake ndi mutupo: Shumba ndiye mkango, Nzou njovu, Soko pusi, Mbeva mbeŵa. A kwa Makoni ndi a Nyati, ndiyo njati. A kwa Mangwende ndi a Moyo, amene amasala mtima wa nyama. Alipo a Hove ndi a Dziva, mau amene m'Chicheŵa ndi nsomba ndi dziŵe, ndipo mwambo wao umakhudza za m'madzi. Chikhulupiriro chofala ndi chakuti wodya mutupo wake mano amaguluka.

Tiyeni tione ziganizo izi:

(1) Ndinoera hove. Ndimasala nsomba.
(2) Ndinonamata Mwari. Ndimapembedza Mulungu.
(3) Ndinopira vadzimu. Ndimathira nsembe kwa mizimu.

Aneni atatuŵa sasinthana pamtherankhani. Munthu wa mutupo wa Hove sanganene kuti ndinonamata hove, monganso Mcheŵa wosala nsomba sanganene kuti amaipembedza. Nsombayo saimangira kachisi, saipempha mvula, ndipo mnansi wake akaiŵedza naidya iye sakwiya. Ntchito ya mutupo ndi kuzindikiritsa mbumba ya munthu, kuletsa ukwati pakati pa abale, ndi kupereka dzina lomuthokozera, limene Ashona amati chidawo, lofanako ndi chiŵongo kwathu.

Anthu a ku Egypt anali ndi liu lao la chinthu chosalidwa. Ankalilemba ndi zilembo zitatu, bwt, pakuti kalembedwe kao sikankasonyeza zilembo za liu. Chodabwitsa ndi ichi: pa mapeto a mau ambiri ankajambulapo chithunzi chosatchulidwa, chongosonyeza mtundu wa tanthauzo, ndipo chithunzi chotsekera liu la bwt kaŵirikaŵiri chinali nsomba. Zolembedwa pa makoma a kachisi wa ku Edfu zimatchula chigawo chiri chonse cha dziko pamodzi ndi bwt yake, kusonyeza kuti chosalidwa ku mzinda wina chinali ndiwo ku mzinda wina.

Umboni wina uli pa mwala wa Mfumu Piye ya ku Kush, umene unalembedwa cha m'ma 727 Khristu asanabadwe ndipo unapezeka ku Gebel Barkal mu 1862. Mafumu ogonja atabwera kudzagwada, Nimlot yekha wa ku Hermopolis ndiye analoledwa kuloŵa m'nyumba yachifumu. Anzake anatsala panja chifukwa anali osadulidwa ndiponso ankadya nsomba. Herodotus, amene anayendera dzikolo cha m'ma 450 Khristu asanabadwe, analemba kuti ansembe sankalaŵa nsomba. Komabe amisiri okumba manda a mafumu, okhala m'mudzi wa Deir el-Medina, ankalandira nsomba monga mbali ya phoso lao, ndipo panali asodzi olembedwa ntchito yoŵapatsira. Nsomba inali choletsedwa cha wansembe ndi ndiwo ya wantchito m'dziko limodzi lomwelo.

Plutarch, cha m'ma 100 Khristu atabadwa, anasimba za ndeu ya mizinda iŵiri yoyandikana. Anthu a ku Oxyrhynchus, kumene lero ndi el-Bahnasa, ankasala nsomba ya mlomo wosongoka imene mzindawo unatengerako dzina lake la Chigiriki; anansi ao a ku Cynopolis ankalemekeza galu. A ku Cynopolis atadya nsombayo, a ku Oxyrhynchus anagwira galu, namupha, namudya, ndipo nkhondo inabuka kufikira Aroma anadzailetsa ndi chilango. Nkhaniyi imamveka bwino tikaiŵerenga ndi maso a mutupo: chimene chinapweteka si imfa ya nsomba imodzi, koma chipongwe chochitidwa pa dzina la mzinda. Kwathu tikudziŵa kuti Angoni, monga anzao a ziyankhulo za Nguni, anafika kuno asakudya nsomba. Koma palibe amene ananenapo kuti Angoni ankapembedza chambo.

4. Nyama yovalidwa

Chinthu chachiŵiri ndi chithumwa. M'nyengo imene akatswiri amaitcha Middle Kingdom, kuyambira cha m'ma 2055 kufikira 1650 Khristu asanabadwe, ana ndi atsikana a ku Egypt ankavala kansomba kosulidwa ndi golide, siliva kapena mwala, kolendeŵera ku nsonga ya tsitsi loluka. Dzina lake linali nekhau. Reginald Engelbach, pokumba manda ku Haraga m'zaka za 1913 ndi 1914, anapeza tinsomba tagolide totere m'manda a mwana, ndipo kokongola koposa kamasungidwa ku Edinburgh. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ntchito yake inali kuteteza mwana kuti asamire, nkhaŵa imene kholo liri lonse la m'mbali mwa mtsinje limaidziŵa.

Kansomba kameneka kamatchulidwa m'nthano yolembedwa pa gumbwa wotchedwa Papyrus Westcar, amene ali ku Berlin. Mfumu Sneferu itasungulumwa inakwera bwato lopalasidwa ndi atsikana 20. Wotsogolera mzere umodzi anagwetsera m'madzi nekhau wake wa mwala wobiriŵira, nasiya kupalasa, ndipo anzake onse a mzerewo analeka. Mfumu inalonjeza kumpatsa wina, koma iye anakana, nafuna wake yemweyo. Pamenepo wansembe Djadjaemankh anapinda madzi a nyanjayo mbali ina pamwamba pa inzake, natola kansombako. Tionepo kuti mtsikanayo sanalire kuti mulungu wake wamira, ndipo palibe amene anapereka nsembe yopepesa. Chinatayika chinali chake cha pathupi, chosasinthanitsika ndi china.

Nsomba ziŵiri ndizo zinkasulidwa kaŵirikaŵiri. Yoyamba ankaitcha inet, ndiyo Oreochromis niloticus, mbale weniweni wa chambo chathu, pakuti nachonso ndi cha mtundu wa Oreochromis. Msodzi aliyense wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amadziŵa kuti chambo chachikazi chimafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa chimaŵalavula kuti adye, nkuŵamezanso pakaoneka choopsa. Anthu a ku Egypt ataona zimenezi anaiyesa nsombayi chizindikiro cha kubadwanso ndi cha chitetezo cha mai. Yachiŵiri ndi Synodontis batensoda, imene imasambira chagada, mimba kumwamba, ngati yakufa pamene iri moyo. Mbale wake m'nyanja yathu ndi nkholokolo, Synodontis njassae. Mfundo yofunika ndi yakuti inet yomweyo imene inkalendeŵera m'tsitsi la mwana inkaphikidwanso m'nkhali ya amake. Nsomba yovalidwa sinali nsomba yosalidwa, ndipo chiyankhulo chinali ndi mau ena a zithumwa, monga sa, meket ndi wedja, onse onena za kuteteza ndi kukhala bwino, osakhudzana ndi bwt.

M'makomboni a ku Macheke mau a zinthu zotere anakumana kuchokera mbali zitatu. Acheŵa anadza ndi chithumwa, ndi mphinjiri imene amamangira khanda m'khosi kapena pa mkuzi. Ashona anali ndi dumwa ndi zango. Dumwa ndi chithumwa ndi tsinde limodzi m'magulu aŵiri a maina: m'Chishona dzina la gulu la 5 limasandutsa t kukhala d, monga dombo, mwala, amene pochuluka ndi matombo, chomwechonso dumwa ndi matumwa. Ayao anadza ndi njirisi, liu lochokera ku hirizi ya Chiswahili, imene nayo inachokera ku hirz ya Chiarabu. Mau onseŵa amatsagana ndi aneni a zovala ndi a mankhwala:

(4) Mwana wavala chithumwa.
(5) Agogo ake ammangira mphinjiri m'chiuno.
(6) Anatsirika nyumba asanaloŵemo.

Palibe wonena kuti mwana akupembedza mphinjiri yake. Mwana akakula chingwe chimadulidwa, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Zimbabwe ali nacho chithumwa chake cha nsomba. Atonga a m'chigwa cha Zambezi amanena za Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, umene amisiri amausema ndi mutu wa nsomba ndi thupi la njoka. Dzinali linamveka kutali pa nthaŵi yomanga damu la Kariba, pamene madzi osefukira a 1957 ndi 1958 anaononga ntchito, ndipo pambuyo pake tizifanizo take tinayamba kusemedwa toti anthu azivala m'khosi, makamaka oyenda pamadzi ndi alendo odzaona malo. Wovala kachifanizo kotere angadye kapenta madzulo omwewo popanda kuswa mwambo uli wonse.

5. Nyama yoonekeramo mzimu

Chinthu chachitatu ndicho chovuta, ndipo tisabise kuti apa ndi pamene mau oti "kupembedza" amayandikira choonadi. Ku Memphis kunkasungidwa ng'ombe yamphongo yotchedwa Apis, imodzi pa nthaŵi imodzi, yosankhidwa potsata maanga a pathupi pake. Inali ndi khola lake pa kachisi ndi ansembe oitumikira, ndipo ikafa inkaumikidwa ndi kuikidwa m'bokosi lamwala ku Saqqara, m'manda amene Auguste Mariette anafukula mu 1851. Ku Mendes kunali mulungu wamkazi Hatmehit, amene dzina lake litanthauza wotsogolera nsomba, wojambulidwa atasenza nsomba pamutu. Ku Esna, kumene Agiriki anakutcha Latopolis, kunapezeka nsomba zambirimbiri za mtundu wa Lates niloticus zoumikidwa ndi kukulungidwa m'nsalu, zoperekedwa kwa mulungu wamkazi Neith.

Koma timve mmene eni ake ankanenera. Apis ankamutcha ba wa mulungu Ptah, ndiponso wehem, ndiye wobwereza mau, mneneri kapena mthenga. Liu lakuti ba limanena za mphamvu ya mulungu kapena ya munthu wakufa yotha kuchoka ndi kukaonekera m'thupi lina. Ng'ombe zina zambiri za m'dzikomo zinkalima ndi kuphedwa monga ng'ombe. Ulemu unkapita kwa Ptah kudzera mwa ng'ombe imodziyo, monga munthu amaombera m'manja nduna pofuna kuti mau ake akafike kwa mfumu.

Ganizo limeneli si lachilendo kwa Mcheŵa. Pa kachisi wa Makewana ku Msinja kunali thunga, njoka imene inkaimira Chisumphi. Ndipo pa kachisi wa Khulubvi ku Nsanje amati Mbona amadza m'maonekedwe a nsato. Palibe wa kumeneko amene angati njoka iri yonse ya kuthengo ndi Mbona.

Chimene antchito a Chicheŵa anapita nacho ku Mashonaland, ndipo chinaoneka ndi maso a onse, ndi gule wamkulu. Za kudambwe siziri za pepala lino. Ndingotchula zimene aliyense woima pa bwalo amaona ndi kumva. Pa maliro ndi pa chinamwali pamatuluka zirombo, monga kasiyamaliro, njovu ndi chimkoko. Liu lakuti chirombo ndi la gulu la 7, ndipo limaphatikiza nyama yolusa, kachirombo koluma ndi udzu womera m'munda wosafesedwa; ndiko kuti, cha kuthengo chimene chaloŵa m'malo a anthu. Malemu Matthew Schoffeleers anafotokoza gule pomulumikiza ku nthano ya Kaphirintiŵa: Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi kufikira munthu anapeka moto, tchire linapsa, nyama zinathaŵa, Chauta nakwera kumwamba. Pa bwalo la gule mizimu, nyama ndi anthu zimakumananso kwa kanthaŵi. Aneni ake ndi aŵa:

(7) Chirombo chatuluka.
(8) Kasiyamaliro wavina usiku wonse.
(9) Akuluakulu apita kukaŵedza zirombo.

Chiganizo (9) chikutibwezera ku madzi. Poyankhula ndi osaloŵa, eni gule amati zirombo zimaŵedzedwa ku dziŵe ngati nsomba. Dziŵe, limene ndi dziva m'Chishona ndi ziwa m'Chiswahili, kwa Acheŵa ndi Ashona omwe ndi khomo la dziko la mizimu. Ashona amati m'maiŵe akuya mumakhala njuzu. Komabe m'ziganizo zonsezi mneni -pembedza mulibe. Chirombo chimaimbiridwa, chimafupidwa, chimaopedwa. Nsembe ya ufa ndi moŵa imathiridwa kwa mizimu ya makolo.

Tione mmene Chishona chinalandirira mwambowu. Chinabwereka liu lakuti gule, chinasandutsa l kukhala r, nichiliika m'magulu a 7 ndi 8: chigure, zvigure. Kwathu gule ndi mavinidwe. M'Chishona chigure ndi wovinayo. Liu linaoloka malire, koma nthano ya Kaphirintiŵa inatsala m'komboni, ndipo kwa ana ambiri a m'midzi yozungulira chigure chinangokhala choopsa chothamangitsa anthu pa mseu.

6. Gwero la mauŵa ndi mtengo wake

Ngati eni ake sanena kuti amapembedza nyama, nanga mauŵa anachokera kuti? Anachokera kwa oonera. Cassius Dio analemba kuti Octavian, atagonjetsa Egypt m'chaka cha 30 Khristu asanabadwe, anakana kukaona Apis, nati iye anazoloŵera kulambira milungu osati ng'ombe. Clement wa ku Alexandria, cha m'ma 200, anaseka akachisi okongola amene mkati mwake munthu amangopezamo mphaka kapena ng'ona. Mu 1869 ndi 1870 J. F. McLennan anasindikiza nkhani yotchedwa The Worship of Animals and Plants, m'mene anatenga liu lakuti totem, lochokera ku chiyankhulo cha Ojibwe cha ku North America, naliyesa chiyambi cha chipembedzo cha anthu onse. James Frazer anakulitsa ganizoli m'mabuku anai a Totemism and Exogamy mu 1910. Mu 1962 Claude Lévi-Strauss anasonyeza kuti akatswiri anali atasonkhanitsa miyambo yosiyanasiyana pansi pa dzina limodzi. Koma pofika nthaŵiyo dzinalo linali litaloŵa kale m'maulaliki ndi m'mabuku a sukulu. Mkangano wa amishoni ndi gule ku Malaŵi m'zaka za m'ma 1920, umene Schoffeleers ndi Ian Linden anaufotokoza mu 1972, unachitika m'nyengo ya maganizo omweŵa.

Kwa ana a machona ku Mashonaland kusokonezeka kumeneku kunali ndi mbali ziŵiri. Chifukwa cha gule ankanenedwa kuti ndi anthu a zirombo; chifukwa cha funso lija la "Munoera chii?" ankanenedwa kuti ndi vasina mutupo, opanda mutupo. Mifunda ikuluikulu ya Acheŵa, Phiri ndi Banda, si maina a nyama. Makolo amasimba kuti a Phiri anagona pa phiri, a Banda anabanda udzu m'tsinde mwake, ndipo kaŵirikaŵiri palibe nyama imene mfunda wotere umasala. Tichenjere ndi kufanana kwa mamvekedwe: m'Chitswana phiri ndi fisi, liu la tsinde limodzi ndi fisi wathu, losiyana kotheratu ndi phiri lokwera. Mbeŵe angapeze mnzake mwa Mbeva, ndi Tembo wa Chinsenga mwa Tembo wa Chishona, koma Banda alibe choyankha m'chikombole cha funsolo.

Palinso vuto la mbali imene dzina limatsata. Mutupo umachokera kwa bambo. Mfunda wa Chicheŵa pa mwambo wakale umachokera kwa mai. Mwana wa bambo wa Chishona ndi mai wa Chicheŵa ali ndi kwao kuŵiri. Mwana wa bambo wa Chicheŵa ndi mai wa Chishona, amene ndiwo anali ochuluka popeza otchona ambiri anali amuna, akuchikazi amamuloza kwa bambo ake ndipo akuchimuna amamuloza kwa mai ake.

Mau ameneŵa sanathere pa macheza. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000, Pulezidenti wa nthaŵiyo Robert Mugabe ananena poyera za anthu a ku Mbare monga opanda mutupo, ndipo Anusa Daimon anafufuza mizu ya chitonzo chimenechi m'nkhani yake ya mu 2018 mu Journal of Southern African Studies. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000, kumene kunakhudza kwambiri dera la Macheke, kunachotsa antchito ochuluka m'makomboni. Amene anali ndi mudzi anapita kumudzi, amene analibe anasoŵa koloŵera. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo motsata malamulo a dzikolo, ndipo ambiri obadwira m'mafamu anataya mwai wovota mu 2002. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linali la dziko la SADC. Sindikunena kuti liu limodzi ndilo linabala zonsezi. Koma liu lonena kuti munthu alibe mbumba limafeŵetsa mitima ya omuchotsa pa malo.

7. Mau omaliza

Taona kuti ku Egypt kunali bwt, nekhau ndi ba. Kuti m'Chishona muli -era, dumwa ndi njuzu. Ndi kuti m'Chicheŵa muli kusala, chithumwa ndi chirombo. Mau ameneŵa sagwirizana ndendende kuchokera ku chiyankhulo china kunka ku chinzake, koma chiyankhulo chiri chonse chimalemba malire pakati pa chakudya choletsedwa, chovala choteteza ndi thupi loonekeramo mzimu, ndipo chimasungira Mulungu ndi mizimu aneni ena.

Pempho langa kwa anzanga a m'bungwe lino ndi la mbali ziŵiri. Choyamba, olemba mabuku otanthauzira mau ndi mabuku a sukulu aleke kumasulira zinthu zitatuzi ndi mneni mmodzi -pembedza. Pophunzitsa ana za Egypt, chambo ndi mphinjiri zidzaŵafotokozera nekhau bwino kuposa liu lakuti fano. M'mabuku a Chicheŵa ndi Chishona, pa liu lakuti mutupo palembedwe mfunda ndi chiŵongo, pamodzi ndi kusiyana kwake, kuti mwana wa a Banda akhale ndi choyankha. Chachiŵiri, tifulumire kulemba Chicheŵa cha m'makomboni. Gule wamkulu analandira ulemu wa UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, koma dzina la Zimbabwe silinatchulidwe, ngakhale ng'oma zake zakhala zikulira m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko kwa mibadwo. Adzukulu a machona ambiri akulira m'Chishona, ndipo akuluakulu amene amadziŵa kusiyanitsa mphinjiri ndi njirisi, mfunda ndi chiŵongo, akutha mmodzimmodzi. Mau a ku Egypt anatifikira chifukwa analembedwa pa mwala ndi pa gumbwa. A ku Macheke ali m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo ntchito yoŵalemba ndi yathu.